Dzira Pakhomo ku Yeoville

Lachiwiri m'mamawa, chisanu cha Juni chikuluma zala,
ndinatsegula chitseko cha kachipinda kanga
n'kulipeza lili phee pa chopondera:
dzira la nkhuku, lomangidwa ndi ulusi wofiira,
singano zitatu zitalowa m'nthiti mwake,
dzina langa litalembedwa ndi khala.
Wedisoni. Koma analiphonya chilembo chimodzi.

Mai Zelesi a khomo loyandikana
anagwira pakamwa, beseni n'kugwa.
"Musaliponde achimwene, musalidumphe!
Thamangirani ku Faraday, kuli akamuna odziwa kubweza.
Marandi mazana atatu okha,
mwini wake atupa miyendo lisanafike Loweruka."

Ndisaname, m'mawondo munalowa madzi.
Ndinayamba kuwerenga amene ndinawaponda chala:
msuweni amene ndinamumana ndalama ya basi,
mnzanga wa pa mashini ku Fordsburg
amene bwana anamuchotsa n'kusiya ine,
amalume ku Mponela
amene malata a nyumba ya amayi amawathobwa m'maso.
Paja amati mfiti sifuna pasipoti,
pa Beitbridge siima pamzere.

Koma ndinakumbuka kachithumwa kaja
kamene anandisokera m'lamba tsiku lonyamuka.
Ndinakaponya mu Zambezi pa mlatho wa Tete,
basi ikukwawa,
ndikunong'ona ndi pawindo:
Yesu, mukapanda kundilonda Inu
ndiye kuti mlonda ndilibe.

Zaka zisanu ndi chimodzi zadutsa.
Sindinena kuti Joni wandisisita.
Foni andilanda kawiri, mpeni uli pakhosi,
koma khosilo ndi lino, ndikuyimbira nalo Lamulungu.
Chaka chija ankatisaka obwerafe khomo ndi khomo
ndinagona pansi pa tebulo lodulira nsalu,
nsapato zawo ndikuziona kunsi kwa chitseko.
Zinaima. Zinatembenuka. Zinapita.
Mpaka lero sindidziwa amene anamuona ataima pamenepo.

Ndiye ndinagwada pa simenti yozizira,
osati kugwadira dzira.
Pemphero silinatalike, mano ankangogundana:
Atate, mwaona. Ndine wanu. Magazi aja akwanira.
Ndinalitola ndi dzanja lopanda kanthu,
n'kuzula singano imodziimodzi.
Ine telala, singano ndimazidziwa:
zinali zatsopano, zosachita dzimbiri.
Dziralo ndinaliponya mu bini ya khonsolo
pamodzi ndi makoko a malalanje.

Usiku umenewo magetsi anathima.
Cha m'ma thu koloko, mfuti za ku Hillbrow zitatopa,
chinabwera. Sichinagogode.
Chinandikhala pachifuwa ngati thumba la simenti,
mpweya wake ukununkha manda atsopano.
Dzanja linakana, mwendo unakana,
lilime linasanduka mwala.
Ndinalikoka dzinalo kuchokera pansi pa mchombo
monga ndowa yodzaza m'chitsime chakuya:
Ye...
su.
Katani wa pawindo anagwedezeka popanda mphepo.
M'chipindamo munatsala ine
ndi Wina amene salemera pachifuwa.

Ndinayatsa kandulo. Ndinafuna kutemberera,
mawu ake ndinali nawo, akuthwa bwino.
Koma pakamwa panatuluka zina:
Ambuye, amene anagula dziralo
mwina analigula ndi ndalama ya buledi wa ana ake.
Iyenso sanagone usiku uno.
Mupezeni, monga munandipezera ine.

Kunacha. Matakisi anayamba kulira pa Rockey.
Mai Zelesi anasuzumira, maso pa miyendo yanga.
Ndinawapatsa moni, ndinamwa tiyi wanga,
ndinakwera takisi ya ku ntchito.

Singano zija sindinataye.
Imodzi ndasokera mabatani a yunifolomu ya mwana wawo,
ina ndapindira mpendero wa nsalu ya paguwa,
yachitatu ndaibaya pa kalendala
kuti ndikaiwala izindikumbutsa:
amdima analemba dzina langa n'kuliphonya,
koma Inu, pa chikhatho chanu chobooledwa,
simunaphonye ngakhale chilembo chimodzi.