Mbale Zobwereka

Anatigoneka m'nyumba ya mpanda wautali kuseri kwa Kanengo,
kumene mphepo imabwera ndi fungo la fodya.
Chombo chathu, Nthanda, chili ku Lumbadzi, anachifunditsa lona.
Alonda akuti zitsulo zake zimabuula usiku.

Dokotala Chikaiko amafika sikisi koloko,
amatiunika m'maso, amatitenga magazi,
amati zonse zili bwino.
Makina ake saona pamene tinathyoka.

Akatifunsa kuti zinali zotani, timasemphana.
Kaputeni Mwandida amati unali utsi woganiza.
Tsilizani amati ayi, fungo chabe,
la mvula yoyamba ikagwa pafumbi.
Ine ndinali ku injini, sipanala m'manja,
kuwala kunalowera pakhoma, popanda odi,
kenako wina anatsegula mutu wanga
monga achitira ndi sutikesi pa boda:
kutulutsa chilichonse, kuchitembenuza, kuchinunkhiza.
Sizinabe kanthu. Zinabweza zonse.
Kungoti pobweza zinasokoneza mitu.

Ndiye taonani.
Ine wa ku Kawale, woopa madzi ofika m'mawondo,
ndikukumbukira ndikudumphira mu Lingadzi kuchokera pamwala,
ndikudziwa dzina la galu amene sindinawetepo.
Sungeni ndi amene akulira mayi anga.
Amadzidzimuka pakati pa usiku n'kuwaitana,
ine n'kumamuyang'ana ndi maso ouma
ngati ndikumvera uthenga wa maliro pa wailesi.

Madzulo magetsi akathima timakhala pakhonde
n'kumabwezerana, ngati mbale zobwereka ukwati ukatha.
"Za yani izi: njinga yofiira, bondo lotupa, mlatho wamitengo wa ku Tsoka?"
"Zanga."
"Nanga mphunzitsi wa dzino limodzi ku Chilinde,
uja womenya ndi dasitala?"
"Bwera nayeni kuno."
Timaseka mpaka mlonda kusuzumira.
Koma mbale ukabweza imachoka m'nyumba mwako.
Izi zimakanirira,
ndipo mwini wake amazilandira ngati mphekesera.

Mwatitha sayang'ananso Kaputeni m'maso.
Ali ndi usiku wina wa mayiyo,
wa ku Bwaila, wa khanda limene silinalire.
Umenewo sanautchule pakhonde.
Amangowafulira tiyi, shuga masupuni atatu,
osafunsa.

Lachiwiri anatilola kutuluka awiriawiri.
Sungeni anandigwira mkono, tinakwera minibasi,
iye ndiye amauza kondakitala potsikira kwathu.
Anadziwa khwalala, anadziwa geti la malata lopendekeka,
anadziwa kuti umalikweza kaye kuti litseguke.
Kumanda iye anagwada, ine chilili,
akabaza akudutsa kumsewu, fumbi likutera pa nkhata zakale.
Anati, "Pochapa ankang'ung'udza chonchi,"
nayamba, mawu ake oipa ngati chitseko.
Sindinakumbuke kanthu.
Koma pakhosi panga panatsamwa chinthu,
ndipo ndinachisiya chitsamwe.

Chatsala chimodzi chopanda mwini.
Ndachifunsa katatu pakhonde, onse akupukusa mitu.
Thambo lobiriwira, madzuwa awiri, lina lodwala,
kanthu kakang'ono kozizira
kakundipulumuka m'manja amene si manja,
ndi chisoni chachikulu moti phiri la Bunda lingalowemo
malo n'kutsalako.

Tawerenga zathu mobwereza, Tsilizani akulemba m'kope,
koma munthu sungawerenge chimene sukudziwa kuti unali nacho.
Ndiye kuti kwinakwake, kuseri kwa nyenyezi zopanda mayina,
wina akuyenda ndi kachibenthu ka Lilongwe:
kaya ndi mkuwo wa oitanira ku depoti,
kaya ndi maluwa a jakaranda omata pa sandasi,
kaya ndi nkhope imene Sungeni sanaipeze mwa iye.
Akuchitembenuza, akuchinunkhiza,
akufunsa anzake mwa mafunsidwe awo:
cha yani ichi?

Kunja kukucha. Magalimoto a fodya ayamba kale mzere.
Dokotala afika sikisi koloko.
Za madzuwa awiri sindimuuza,
angandipatse mankhwala.