Kubwerera M'mbuyo ndi Kalavani

Che Matola anandiuza pa galaja yawo ku Ndirande,
ali chigonere kunsi kwa pikapu, mawu akutuluka ngati m'chitsime:
"Mkwate, galimoto yasenza kale nyumba iyi.
Ukaikolekanso kalavani, usadzati sindinanene."
Ndinaseka. Ndinawasiyira ya fanta.

Nyumbayo ndinakhoma ndekha.
Malata asanu ndi limodzi, otola m'matope ku Chilobwe
phiri la Soche litatsika usiku uja kudzagona m'zipinda zathu.
Zenera n'la basi yakufa.
Chitseko chimafuna bondo kuti chitseguke.
M'katimo muli mphasa ziwiri, mbaula, Baibulo lofufuma ndi madzi,
ndi nsapato imodzi ya mayi ake Zelesi,
ya kumanzere,
imene sindidziwa ndimasungiranji.

Kalavani ndiye ofesi:
makina owotcherera, jenereta, mageti a eni ake osamaliza kulipira.
Tsiku loyamba ndinaunjika zonse kumchira.
Pa Maselema mchirawo unayamba kugwedeza galu,
uku, uko, uku,
wa kabaza n'kudzitaya m'ngalande akunditukwanira mtundu.
Mawa lake ndinakankhira zonse kutsogolo.
Pikapu inakhala pansi ngati nkhuku yofungatira,
mphuno m'mwamba, nyali zikufufuza mileme m'mitengo,
chiwongolero chopepuka ngati lichero.
Katundu ali ndi malo ake, chikhatho chimodzi kutsogolo kwa matayala.
Ndinapapeza patatha mwezi.

Kukwera sikuvuta.
Giya yoyamba, utsi, maminibasi akuimba mahutala kumbuyo,
kondakitala atatulutsa mutu:
"Madala, mwaiwala chimbudzi!"
Chovuta n'kutsika.
Kuchoka pa Chichiri kulowera ku Mudi
zonse zimene ukukoka zimayamba kukukankha.
Umazimva m'khosi.
Mabuleki amanunkha ngati tsitsi lopserera,
ndipo phazi limapempha zimene pakamwa pasiya kupempha.

Wapolisi pa Kameza anazungulira kawiri,
kugwedeza unyolo, kumenya tayala ndi nsapato,
kusuzumira pazenera n'kuona yunifolomu ya sukulu ili pa msomali.
"Iyi tiilembe galimoto kapena mudzi?"
Ndinati lembani zimene zikukwana pa pepalapo.
Anayang'ana nthawi yaitali.
Anandibwezera laisensi osalemba kanthu.

Koma madzulo, ku Kanjedza, kuseri kwa tchalitchi
kumene mlonda amatilola kugona tikamugawira tiyi,
pamakhala mayeso enieni:
kulowa chambuyo pakati pa mpanda ndi mtengo wa mapeyala.
Galasi la m'kati silionetsa msewu.
Limaonetsa khoma la nyumba yanga yomwe,
dzimbiri, ndi mzere wofiira pamene matope analekezera.
Kalavani sindiiona.
Ndimangodziwa kuti ilipo chifukwa imalemera.

Zelesi amatsika, zaka khumi ndi chimodzi,
tochi ya foni m'manja, masilipasi osiyana mitundu.
"Bwerani. Bwerani. Ayi, adadi, mwayambanso!
Mukafuna ipite kumanja, khotetsani kumanzere."
Ndikudziwa, mwanawe.
Mutu ukudziwa, manja ndiwo amakana.
Zaka makumi awiri ndikuyendetsa,
chimene ndinkafuna ndinkachilunjika.
Tsopano ndiyenera kuchifulatira,
kukhotera kumene sindikupita,
pang'ono pang'ono,
ndikathamanga chitsulo chimapindika ngati mpeni wa m'thumba
n'kudziluma chokha m'nthiti.

Ndimapita kutsogolo. Ndimawongola. Ndimayambiranso.
Kachitatu. Kachinayi.
Mlonda wasiya tiyi wake, akuonerera.
Peyala lagwa padenga, tonse tadzidzimuka.

"Bwerani. Bwerani. Pang'ono.
Basi!"

Mawu amenewo ndi a mayi ake,
mpaka kakupsa mtima kali kumapetoko.
Ndimazimitsa injini, manja ali pachiwongolero,
ndikumvera chitsulo chikuzizira, the, the, the.

Kenako ndimamva mwana akukoka mwala,
uja timayenda nawo kuchokera ku Chilobwe,
n'kuuika kunsi kwa tayala
kuti nyumba isatsetsereke tili m'tulo.