Chofiira Pansi pa Mpando

Ya Likaka inapsa Lachiwiri,
pa khona yachitatu potsika ku Chawe,
matabwa makumi anayi ali kumbuyo, akununkhirabe paini.
Utsi unayambira m'mbali mwa boneti
ngati mwana wasukulu akusuta mobisa.
Tinathira dothi ndi manja.
Tinakwapula ndi nthambi zaziwisi.
Mnyamata wogulitsa mapichesi anakhuthula botolo lake la madzi,
moto unamwa, nupempha ena.
Madzulo Likaka anali pamwala,
makiyi ali m'manja,
makiyi opanda chitseko.

Choncho nditagula yanga,
pikapu yotopa, ya diso limodzi,
ndisanakonze ndi hutala yomwe,
ndinalowa m'sitolo ya zitsulo kuseri kwa depoti.

Wogulitsa ananditulutsira kakang'ono,
kangati botolo la mafuta odzola.
"Aka n'ka apolisi, mayi.
Mukangokaonetsa pa rodibuloko, amati pitani."
Ndinati moto suvala yunifomu, achimwene,
suwerenga mapepala,
ndipo sulandira ya fanta.

Anaseka, nakwera pampando, natsitsa zitatu.
Cha madzi: petulo chimangomupatsa miyendo.
Cha mpweya, chakukamwa ngati lipenga,
ndinakumbukira mphepo ya m'phiri muja
imene imalanda ndi chipewa chomwe.
Ndinatenga cha ufa, makilo awiri,
kasingano kataima pobiriwira,
kapini kali m'malo, tsiku lake lisanathe.
Mtengo wake unadya phindu la maulendo atatu a mbatata.
Ndinawerenga ndalamazo kawiri, mtima ukuti bwezera.
Sindinabweze.

Ku Matawale, Che Ndembo owotcherera
anati tichimange kumbuyo, pafupi ndi sipeyala.
Kumbuyo?
Kumene mvula ya Januwale imagona,
kumene matumba amasanjikana mpaka kupitirira denga,
kumene manja a pamsika amadutsa osapereka moni?
Kuseri kwa mpando nako ayi:
uyambe wapinda mpando, uchotse jeke, uchotse chingwe,
moto uli pheee kukudikira?

Ndinakhala pa chiwongolero, lamba nditamanga,
ndinatsinzina,
n'kusiya dzanja lamanzere lipite lokha.
Pamene linagwera, kutsogolo kwa mpando wa pasinjala,
ndinati apa.

Che Ndembo anayamba agona chagada pansi pa galimoto
kuona kumene paipi ya mafuta yadutsa,
kumene mawaya abisala,
kenaka ndiye anaboola.
Mabawuti anayi, mawashala aakulu kunsi,
lamba wachitsulo wotseguka ndi chala chimodzi.
Waya ndinakana, lekeni ndinakana.
Chinthu chosamanga, tsiku la ngozi,
chimasanduka mwala wofuna mutu wako.
Anachigwedeza ndi manja onse awiri,
galimoto yonse inagwedezeka, icho chili nji.

Tsopano timayenda awiri.
Mabampu a ku Chinamwali sichilankhula,
fumbi la msewu wa ku Kachulu chimangolandira.
Okwera amachigunda ndi chidendene,
ena amafunsa ngati muli gasi wophikira.
Mwezi ukatha ndimachimasula, ndimachizondotsa,
khutu pachitsulo, kumva ufa ukutsetsereka mkati,
ndimapukuta kagalasi ndi nsonga ya chitenje.
Mwana wanga Tiyese waloweza kale:
solola kapini, loza patsinde pa moto osati pa malawi,
finya, sesa uku ndi uku,
boneti osaitsegula yonse.

Dzulo ndinamutenga Likaka pa Mponda,
masiku ano amasenza matabwa a ena.
Atakhala, phazi lake linakhudza chofiiracho.
Anachiyang'ana nthawi yaitali.
Tinadutsa khona yoyamba, yachiwiri.
Pa yachitatu, pomwe phula likadali lakuda kuposa lina,
anawerama, nayesa lamba uja ndi chala,
kutsegula, kutseka,
kutsegula, kutseka,
nati, "Chinali ndalama zingati?"