Kalata Yopempha Kukhala

Pa tebulo la kukhitchini, kuno ku Coventry,
hita ikungokhosomola.
Ndafufuta kachitatu "Okondedwa Bwana."
Sitinaonanepo. Chikondicho chichokera kuti?

Zaka zisanu ndazipinda, zakwana mu envulopu:
malisiti a lendi, mapepala a msonkho,
masiku khumi ndi awiri omwe ndinatuluka m'dziko
kukaika maliro a bambo ku Ntcheu.
Fomu yangofunsa madeti basi.

Kodi ndilembemo kuti Mayi Pemberton
a m'chipinda nambala seveni
anatsirizika m'bandakucha atagwira chala changa?
Loya akuti umboni ndi chidindo.

Ndiye ndangolemba mwaulemu: ndikupempha kukhala.
Pansi ndasaina, Siyileni Kampango,
dzina lomwe limawapunthwitsa lilime,
chilembo chimodzichimodzi,
kuti ayambe kulizolowera.