Kusenda Kuwala

Zaka makumi atatu ndi zinayi
Ottavio Ferrua ankaviika mabampala m'matanki a mankhwala
ku fakitale ina ya ku Torino.
Chitsulo chinkalowa chili bii,
n'kutuluka chikuti waliwali, munthu n'kupeserapo tsitsi.
Chifuwa chimene amatsokomola m'mawa
anachitenga komweko, pamodzi ndi penshoni.

Lero ali m'chipinda chapansi pa nyumba yosanja,
momwe babu limanjenjemera tramu ikamadutsa,
ndipo akumasula ntchito ya moyo wake.

Kagalimoto n'kotalika ngati chala chapakati.
Anakagula Loweruka pamsika wa zakale, mayuro awiri.
Mwana wina, amene pano ayenera kuti ali ndi imvi,
anakaluma padenga.
Mano ake akadalipo.

Aboola timisomali tiwiri ta kumimba,
achotsa matayala, galasi, kampando kofiira,
aziika m'chivindikiro cha botolo la maolivi.
Avala magolovesi. Atsegula zenera
ngakhale chisanu cha Januwale chikuluma makutu.
Soda m'madzi, osati madzi mu soda,
anong'ona yekha,
monga ankauzira anyamata ongoyamba ntchito.

Kenako kudikira, diso pa wotchi,
pakuti ukachedwa mankhwala sasankha,
amadya ndi chitsulo chomwe.
Timathovu tikwera.
Siliva atukusira ngati chithuza,
ang'ambika, ayandama.
Mswachi wa malemu Nerina,
umene sanathe kuutaya,
ulowa m'makona, pansi pa nyali, kuseri kwa chitseko chosatseguka.

Chotsala n'chotuwa ngati phulusa.
Tizibowo ta mpweya.
Mzere pamene mbali ziwiri za chikombole zinakumana molakwika pang'ono.
Ndi pa mapiko a kumbuyo, kachipsera ka tupa,
dzanja la munthu wina amene ankathamangira belu loweruka.
Ottavio apasisita ndi chala chachikulu
nthawi yaitali ndithu.

Mdzukulu wake Ilaria atsika masitepe ndi khofi.
Agogo, mwakawononga. Kanali kokongola.

Kuwala kuja ndimakudziwa, atero iye,
n'kopyapyala kuposa khoko la anyezi.
Ife tinkalipidwa kuti anthu asaone izi.

Mtsikanayo sayankha.
Atola kagalimoto kamaliseche, kopanda matayala,
akakwekweza patebulo pakati pa makapu,
milomo ikulira ngati injini.

Penti wobiriwira amene Ottavio anagula dzana
akhala pashelefu osatsegula.