Masitepe Khumi ndi Atatu

Nyumba ya alamu anga ku Doncaster ndi yopyapyala
ngati bokosi la machesi loimiritsa.
Masitepe ake ndi khumi ndi atatu. Ndawawerenga,
poti masiku ano ndimakwera ndi mpweya wa anthu awiri.
Pa sitepe yachisanu ndi chiwiri ndimaima,
dzanja m'chiuno, ngati ndaiwala kanthu.

Folo koloko, kunja kwada kale bii.
Dzuwa la kuno limagwira ganyu,
limaweruka lisanatuluke thukuta.
Koma tabwera tonse:
a ku Leeds pa basi, a ku Glasgow pa sitima
atanyamula mpunga wa Kilombero ngati khanda.
Nsapato zaunjikana pakhomo, zanga zokha ndiye sizikundikwana.

Alamu Nasibeko andipatsa bedi lawo.
Iwo agona pa matiresi opopa
amene pofika mbandakucha amakhala ataphwa.
Ndikafunsa za msana wawo, amandiyankha za tiyi.

Kukhitchini bambo akunyumba akusenda tikabichi ting'onoting'ono
timene palibe amatikonda, koma chaka chilichonse timagula.
Amalume Gomezgani, chisoti chapepala chili pendeke,
akukangana ndi aliyense za mtengo wa fetereza kumudzi,
munda anausiya zaka makumi awiri zapitazo.

Ndaziona, wa zaka zisanu, wagunditsa khutu pamimba panga.
Chichewa chake n'chothyokathyoka, koma ichi wachinena bwino:
"Anti, wina akugogoda."

Amayi anawakaniza viza.
Ali mufoni, nkhope yauma pakati pa mawu,
kenaka yasungunuka: "Usamaime pakhomo, wamva?
Mazira usadye."
Azamba a kuchipatala anati ndizidya.
Onsewo ndawayankha kuti chabwino.

Lingalireni wafika kuchokera ku ntchito yausiku,
komwe amasambitsa agogo a eni ake.
Maso ali psuu, yunifolomu sanavule.
Watenga beseni, wagwada,
wanyika mapazi anga otupawa m'madzi ofunda,
mapazi amene ine mwini ndinasiya kuwaona mu Okutobala.
Ndati, "Iwe, kagone."
Wati, "Awa okha ndiye andilipira kale."

Khirisimasi yatha ija ndinali m'nyumba yomweyi,
mimba ina itangopita padera.
Ndinadzitsekera m'bafa, n'kutsegula mpopi
kuti madzi alire kuposa ine.
Palibe wazitchula lero.
Koma ndikachedwa m'bafamo pang'ono
ndimamva wina akuyendayenda panja pa chitseko,
akunamizira kufuna thaulo.

Mlendo sitimugulira zovala asanafike, amatero.
Nanga jumbo yabisidwa pansi pa masitepe ija,
kuseri kwa makina opukutira kapeti,
yotuluka kamwendo ka thalauza kotalika ngati chala changa?
Ndaibwezera momwe inalili.
Ndidzadabwa tsiku lake likadzafika.

Usiku, ulendo wachinayi wopita kukataya madzi.
Wina wasiya getsi la pamasitepe likuyaka,
m'dziko limene magetsi amawerengedwa ngati mankhwala.
Ndatsika kukamwa madzi.
Pabalaza anthu agona ngati nkhuni zomwazika,
uyu mwendo pampando, uyu m'jekete,
mkonono wa amalume ukugwedeza timagetsi ta pamtengo.
Chisanu chamata zenera.
Kunja nkhandwe ya m'tauni ikufwanthula bini ya aneba.

Ndikuwalumpha mmodzimmodzi, mimba patsogolo,
ndikunong'ona monga anandiphunzitsira podutsa pa anthu:
zikomo,
zikomo,
zikomo.
Ndafika pa sinki ndisanazindikire
kuti njira ndinasiya kale kupempha.

Iwe wam'katimu, usafulumire, kwatsala masabata atatu.
Koma ukamabwera usaope kuzizira.
Kuno malo ndi ochepa, anthu ndi ambiri,
ndipo sitepe yachitatu imalira:
ukaiponda, nyumba yonse imadzuka.