Tepi Yoimirira

Zaka khumi ndi zinayi ndakoka tepi m'fumbi la Salima,
ine Wyson, wogwira kunsonga
pamene bwana akuwerenga manambala.
M'litali, m'lifupi. M'litali, m'lifupi.
Bikoni pakona, simenti pang'ono, tatha, tiyeni.
Tepi yanga inkangodziwa kugona,
mimba pansi ngati buluzi.

Lachiwiri lapitali ku Kaphatenga
tinapeza nyumba yosanja, penti ikadanunkha,
ndi ana awiri a bere limodzi osapenyana.
Pansi m'pa Yotamu:
sitolo ya misomali, maloko ndi mahinjesi,
pa malo amene anasiya malemu bambo awo.
Pamwamba m'pa Zelipa:
zipinda zitatu ndi khonde loyang'ana msewu wa ku Lilongwe,
thukuta la zaka zisanu ndi ziwiri
akukolopa nyumba za eni ku Joni.

A banki amuuza kuti abweretse chikalata.
"Lembani," akutero, "kuti pamwambapa m'panga."

Bwana anatambasula fomu pabondo.
Muli mzere wa kum'mawa,
wa kumadzulo, wa kumpoto, wa kummwera.
Anatembenuza kuseri.
Mzere wa kumwamba munalibe.

Yotamu anaseka chakukhosi:
"Mwini nthaka ndiye mwini thambo.
Njerwa zakozo zakhala pamutu panga."
"Pamutu pakopo pankadontha," anatero mlongo wake,
"denga lako ndi simenti yanga,
ndimaikolopa m'mawa uliwonse."

Ine phee, tepi m'manja, maso akuyendayenda.
Nanga masitepewa ngayani,
oyambira kwa uyu, othera kwa uyo?
Nanga mzati uwu wosenza onse awiri?
Paipi ya madzi yadutsa pansi osaodira,
waya wa magetsi wadutsa pamwamba osapepesa,
mango a mai Nachisale atambasula nthambi kudumpha mpanda
n'kumagwetsera zipatso pakhonde la Zelipa.
Ndipo kunsi kwa kauntala, ati,
kunsi kwa simenti ndi dothi lakale,
kuli michombo iwiri imene mai awo anakwirira.
Imeneyo alembe ndani?

Sindikudziwa chimene chinandilowa.
Ndinakwera.
Ndinaima pakhonde, ndinamasula tepi,
inatsika ikunjenjemera m'mphepo yotentha
ngati mwana amene akuphunzira kuima.
"Gwira kunsiko, Yotamu!"
Anagwira, mwina poiwala kuti wakwiya.
Mamita atatu ndi theka: apa m'pamene wathera iwe.
Kuchokera apa kufika kumalata,
atatu ena osakwanira: Zelipa.
Kupitirira apo
n'kwa anamzeze, kufikira wina atadzamanga.

Ndinalemba ndi pensulo m'mphepete mwa fomu,
moimirira, mutu utapendekeka,
poti malo ena panalibe.

Bwana anapukusa mutu.
"Ku ofesi akafufuta.
Kaundula amadziwa malo ngati mphasa,
kuyala basi. Chulu sachidziwa."
Koma fomuyo anaipinda bwinobwino
n'kuiika m'thumba la pamtima.

Madzulo, pa kabaza wa Fanuwelo,
ndinayamba kuona zimene ndakhala ndikuzidutsa:
zitsulo zotuluka pamadenga a konkire,
kumsika, kudepoti, pafupi ndi njanji,
nyanga zadzimbiri zoloza kumwamba,
chilichonse chikudikira ndalama za mwana wina wa kutali.
Tauni yatopa n'kukwawa.
Mawa wina adzagona pamwamba pa tulo ta mnzake,
adzagula chipinda chosakhudza dothi,
adzamwalira,
ana ake adzabwera ndi mafunso ku ofesi kwathu,
ndipo tidzawatambasulira pepala lathyathyathya.

"Mwangoti duu lero, achimwene," akutero Fanuwelo,
thukuta lili kamukamu pamsana.
Ndamuuza kuti ndikuwerengera.
Sanafunse kuti chiyani.

Kunyumba ndapachika tepi pamsomali, kuseri kwa chitseko.
Sindinaikulunge.
Igone choimirira usiku uno,
izolowere.